Tepi, C-arm kapena CT: Kuyeza Ngati Fupa la Ntchafu Lalumikizidwa Mowongoka

Fupa la ntchafu likathyoka, dokotala n'kulowetsa chitsulo m'kati mwake, zinthu zitatu zikhoza kulakwika: mwendo kufupika, kupindika, kapena kupotoka. Kupotoka ndiye kovuta kukuzindikira, chifukwa X-ray wamba amatha kuonetsa fupa lowongoka bwinobwino pomwe phazi likuloza kumbali. Kusiyana kwa madigiri 15 kapena kuposerapo ndi mwendo wabwino ndi kumene madokotala ambiri amakuona kuti ndi vuto, ndipo kafukufuku wa Jaarsma ndi anzake wa mu 2004 anapeza kupotoka kotere mwa odwala 28 pa 100 alionse.

Tepi imathandiza pa utali wokha, poyeza kuchokera pa nsonga ya fupa la chiuno kufika pa kakolo. Kutembenuza mwendo ndi manja n'kufanizira ndi unzake n'kwachangu, koma kutupa ndi ululu zimasocheretsa, choncho sindingakudalire pakokha.

Makina a C-arm, omwe ndi X-ray yojambula pompopompo m'chipinda cha opaleshoni, ndi amene ndimawaikira kumbuyo, popeza amayankha wodwala akadali patebulo. Musanayambe opaleshoni, jambulani mwendo wabwino bondo litayang'ana kumwamba, ndipo musunge chithunzi cha kanundu ka kumtunda kwa fupa la ntchafu kotchedwa lesser trochanter. Mukaika chitsulo, jambulani mwendo wothyokawo chimodzimodzi. Kanunduko kakaoneka kakakulu kuposa kanzake, ndiye kuti chigawo cham'mwamba cha fupa lothyokalo chatembenukira kunja poyerekeza ndi cham'munsi, ndipo kakabisika chatembenukira m'kati. Pa kupindika, chingwe cha diathermy (makina owotcha mitsempha kuti magazi asiye kutuluka) chokokedwa kuchokera pakati pa mutu wa fupa la ntchafu m'chiuno kufika pakati pa kakolo chiyenera kudutsa pafupi ndi pakati pa bondo. Njira ya kanunduyi imafuna diso lozolowera, komanso imasowa poyerekezera ngati miyendo yonse iwiri yathyoka.

CT, sikani yojambula thupi m'magawomagawo, ndiyo yolondola koposa, chifukwa imapereka ngodya ya khosi la fupa (gawo la pansi pa mutu wake) poyerekeza ndi kumbuyo kwa bondo m'madigiri enieni, mbali zonse ziwiri. Chondidandaulitsa n'chakuti nthawi zambiri yankho lake limabwera bala litasokedwa kale, ndipo kukonza kumatanthauza kumubweza munthu ku opaleshoni kukamasula masikuluwu ogwira chitsulocho. Komabe chikayiko chikatsala, CT ichitike m'masiku oyambirira fupa lisanagwirane, pakuti likapola lili lopotoka pamafunika kulidulanso.