Akochi apa intaneti amene amakakamira kupuma

Pulogalamu ya akochi amenewa imabwera pa foni ngati tebulo: masiku onyamula zitsulo, makilogalamu ake, ndi masiku opuma olembedwa mofiira. Ofiirawo ndi ambiri moti munthu woti walipira ndalama umayamba kudzifunsa ngati sakukubera. Koma masiku amenewa ndi amene andisangalatsa kwambiri.

Lamulo lawo loyamba ndi lakuti minofu imene waigwiritsa ntchito lero uisiye maola 48. Ukapanga squat (kunjuta n'kudzuka utasenza chitsulo) Lolemba, miyendo usaikhudzenso mpaka Lachitatu. Amati chitsulo chimangodzutsa mnofu, koma kukula kwenikweni kumachitika ukachoka ku jimu, kwa tsiku limodzi kapena awiri, pamene thupi likugwiritsa ntchito mapuloteni amene wadya. N'chifukwa chake amafunsa za tulo kuposa za kulemera kwa chitsulo. Ukawauza kuti wagona mochepera maola 7, amakuchotsera seti (ulendo umodzi wonyamula chitsulo kangapo motsatizana) osakambirana.

Pakati pa maseti akuluakulu amafuna upume mphindi 3. Zimachititsa manyazi kukhala phee pa benchi, thaulo lili pakhosi, wina akukuyang'anitsitsa podikira malo. Komabe seti yachitatu ndimaimaliza yonse m'malo mogwera panjira. Anandisonyezanso kafukufuku wa Brad Schoenfeld ndi anzake wa 2016, pomwe amuna ozolowera zitsulo amene ankapuma mphindi 3 anapeza mphamvu ndi minofu yochuluka m'masabata 8 kuposa opuma mphindi imodzi.

Chimene chinandivuta kuvomereza ndi sabata yopepuka, imene amaitcha deload. Maseti amawadula pakati, ndipo umatuluka mu jimu malaya ali ouma. Mtima umakuuza kuti akatumba akuphwa. Sakuphwa ayi. Ku Japan, Riki Ogasawara ndi anzake mu 2013 anayerekeza anyamata ochita bench press (kukankhira chitsulo m'mwamba utagona chagada pa benchi) mosalekeza kwa masabata 24 ndi ena amene ankasiyiratu masabata 3 akachita masabata 6. Pamapeto pake minofu inakula mofanana. Kwa ine, chigongono chakumanja chimene chinkalasa ndikamatsitsa chitsulo pachifuwa chinasiya kuwawa mkati mwa sabata yomweyo, ndipo pobwerera chitsulo chinkamveka chopepuka m'manja.

Zolakwika zilipo. Uthenga amayankha mochedwa, nthawi zina tsiku lonse litadutsa, iwe utaganiza kale wekha. Masiku ofiira aja alibenso malangizo alionse. Ndinachita kufunsa ndekha ngati kuyenda pansi kapena kupalasa njinga pang'onopang'ono n'kololedwa, ndipo yankho linali lakuti inde, bola usapume mwawefuwefu. Zimenezi akanangozilemba pa tebulopo.

Ngati mwangoyamba kumene zitsulo, ndikuona kuti sabata yopepukayo imabwera msanga, thupi lisanatope n'komwe, choncho apempheni aitalikitse. Koma ngati mwakhala miyezi makilogalamu asakukwera, mapewa akubaya usiku, akochi amenewa ndi oyenera kuwayesa.