Miyezi 9 ndi Tiyese, mphaka amene amaopa tsache

Mu Juni chaka chatha mlamu wanga anatibweretsera mphaka wamkazi wakuda m'katoni ya sopo, atamutola kuseri kwa golosale ina pafupi ndi msika wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Pamsana pake panali chilonda chachikulu ngati chikhatho cha mwana, ubweya utasosoka, ndipo aliyense amene anakulira m'makomo mwathu muno sakanavutika kudziwa chimene chinachitika, popeza mphaka akapezeka pafupi ndi poto wa ndiwo anthu ena amamukhuthulira madzi otentha. Mkazi wanga anayang'ana m'katonimo n'kunena kuti, “Tiyese kaye,” ndipo mawu amenewo ndi amene anasanduka dzina lake. Patatha milungu iwiri ndinauza anzanga kuntchito kuti tinalakwitsa kumulandira, chifukwa mphakayo sitinkamuona n'komwe, tinkangopeza mbale yopanda kanthu m'mawa. Tsopano tili mu Malichi, papita miyezi 9, ndipo ndikufuna kubweza mawu aja, ngakhale kuti sindiwabweza onse.

Tsiku loyamba lomwelo tinatsala pang'ono kumupha ndi chifundo chathu. Tinaganiza zomusungunulira Panado m'madzi kuti ululu uchepe, koma mwamwayi tinasankha kuyamba tapita naye ku LSPCA, bungwe losamalira ziweto limene linayamba ntchito zake mu Lilongwe m'chaka cha 2008. Kumeneko ndi kumene tinamva kuti mankhwala a paracetamol, amene ali mu Panado, ndi poizoni kwa mphaka, chifukwa chiwindi chake sichitha kuwachotsa m'thupi monga mmene cha munthu chimachitira, moti m'bulu umodzi wokha ukhoza kumupha. Chimodzimodzinso mankhwala ena ophera utitiri ndi nkhupakupa pa agalu, makamaka amene ali ndi permethrin. Anamutsuka chilondacho, anamubaya katemera wa chiwewe, anamupatsa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo chilonda chitapola tinabwereranso kukamutseketsa kuti asamabereke. Ena amaona ngati kutseketsa mphaka ndi nkhanza, koma mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 kapena 5 yokha, bere lake limangotenga milungu 9, ndipo ana ambiri obadwa motero ndi amene amathera kuseri kwa magolosale monga mmene zinalili ndi Tiyese.

Chilonda cha pakhungu chinapola msanga, ngakhale kuti ubweya sunamerenso pa chipseracho mpaka lero. Chimene chinatenga nthawi ndi mantha, ndipo pamenepa ndiyenera kuvomereza kuti amene anachedwetsa zinthu ndine. Ndinkaganiza kuti chiweto chimene chazunzidwa chimafunika kunyamulidwa ndi kusisitidwa kuti chidziwe kuti chafika pabwino, choncho madzulo ena ndinagwada n'kumukoka kunsi kwa bedi kumene ankabisala. Anandikanda padzanja mpaka magazi, ndinatsuka balalo ndi sopo pampopi kwa mphindi 15 monga mmene azaumoyo amalangizira, kenako ndinapita kuchipatala. Iye anakhala masiku atatu osakhudza chakudya pokhapokha nyumba yonse itagona.

Zitatero tinasintha njira. Tinamusamutsira m'kachipinda kamene timasungiramo matumba a chimanga, tinamuikira katoni yoboola mbali ziwiri kuti azidziwa kuti ali ndi pothawira, beseni la mchenga pakona ina, madzi ndi chakudya pakona ina kutali ndi mchengawo. Chakudya chinkabwera 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, osaphonya. Ntchito yanga inali yongokhala pansi pasimenti ndi nyuzipepala kwa mphindi 20, chammbali, osamuyang'anitsitsa, chifukwa kwa mphaka maso otong'oka ndi chiopsezo, pamene kuphethira pang'onopang'ono ndi chizindikiro cha mtendere. Kwa milungu yambiri ndinkaona timaso tiwiri tokha m'katoni muja. Tsiku lina mu Ogasiti, ndikuwerenga tsamba la zamasewero, ndinamva kukukuta kwa mitu ya usipa, ndipo nditasuzumira m'mphepete mwa nyuzipepala ndinamuona akudya thupi lili lophwatalala pansi, makutu atatembenukira kwa ine, mwendo umodzi wakumbuyo utatsalira pakhomo pa katoni ngati munthu amene wangobwereka malo. Sindinasunthe mpaka mwendo wanga unachita dzanzi.

Mkazi wanga ndi mwana wathu wamkazi wa zaka 8 anawazolowera mwezi wathunthu ine ndisanaloledwe kumukhudza, ndipo mpaka pano mlendo wamwamuna akalowa atavala nsapato zolira, Tiyese amazimiririka. Koma chimene chimaulula kwambiri mbiri yake ndi tsache. Munthu akangoligwira, ngakhale asanayambe kusesa, iye amafwenkha, mchira umatukumuka, ndipo amathawa mokwawa m'mphepete mwa khoma. Tinayesa kulisiya tsachelo litagona pansi pafupi ndi mbale yake kwa masiku angapo, ndipo likakhala logona amalinunkhiza, nthawi zina amaseweretsa nsonga zake. Likangoimirira m'dzanja la munthu, zonse zimayambiranso. Phokoso la madzi akamatsanulidwa kuchokera m'ketulo amaliopanso, ngakhale kuti mantha amenewa achepako. Tinasiya kulimbana nazo, ndipo masiku ano timasesa iye ali panja akuwothera dzuwa.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti nthawi imene mwana wa mphaka amaphunzira kukhulupirira anthu ndi yaifupi kwambiri, kuyambira milungu 2 mpaka 7 chibadwire. Mphaka amene sanagwidwe mwachikondi pa nthawi imeneyo akhoza kudzazolowera anthu a m'nyumba imodzi, koma kawirikawiri sakhala wokonda kukhala pamiyendo. Izi zinandithandiza kusiya kumuyerekeza ndi mphaka wa mnzanga wina, amene amagona pachifuwa cha mlendo aliyense. Amene akufuna mphaka wotero, kapena amene ali ndi ana aang'ono kwambiri osamva kuletsa, ndingamulangize kuti aganize kawiri asanatenge mphaka wamkulu amene anazunzidwapo.

Pa nkhani ya chakudya tinaphunziranso mochedwa kuti nsima yonyowetsa ndi msuzi, imene amphaka ambiri kumudzi amapatsidwa, siyokwanira, chifukwa thupi la mphaka linapangidwira nyama. Mkaka wa ng'ombe unkamutsegula m'mimba, ndipo tinausiya. Anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka, choncho zotsala za ndiwo zathu sitimupatsa. Timamuphikira usipa kapena bonya payekha, popanda mchere, nthawi zina ziwindi ndi zotsala za nkhuku zopanda mafupa, n'kuphatikizako chakudya chouma cha m'sitolo ndalama zikalola, popeza chimenechi n'chodula ndithu ndipo mtengo wake wakwera kangapo m'miyezi yomweyi.

Mayi anga atabwera kuchokera ku Dowa mu Okutobala, anaima pakhomo n'kufunsa kuti, “Mwananga, mphaka wakuda m'nyumba ngwachiyani?” Sindinawaseke, chifukwa ndikudziwa mmene nkhani za ufiti zimamatirira amphaka akuda kwathu kuno, ndipo ndikukhulupirira kuti miyala yambiri imene amphaka amagendedwa nayo imachokera pa mantha omwewo. Ndinawafotokozera kuti maso ake amawala usiku chifukwa kuseri kwa diso kuli kachikopa kobweza kuwala, kamene kamapezekanso mwa agalu ndi ng'ombe, ndipo palibe amene amatcha ng'ombe mfiti. Sindinganene kuti anakhutira ndi mayankho anga. Chimene ndinaona n'chakuti pa sabata yachiwiri, akusankha usipa pakhonde, ankaponya mitu chammbali mwakachetechete, ndipo Tiyese anali atakhala pafupi ndi chitenje chawo, pafupi kuposa mmene ankayandikira kwa ine pa nthawiyo. Mayi amayenda pang'onopang'ono ndipo sankamufuna, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo ndi zimene zinamukopa.

Makoswe m'chipinda cha chimanga anatha pofika mu Novembala, ndipo limodzi anadzalisiya pa chopondera cha pakhomo pathu, mutu kulibe. Koma ulenje wake suli ndi malire, moti abuluzi ndi timbalame nazonso zimagwa m'manja mwake, ndipo tinalipirapo mwanapiye mmodzi wa oyandikana nawo nyumba, amene anatilandira mwaulemu kuposa mmene tinkayembekezera. Mkono umodzi wa sofa anaukanda mpaka ulusi kutuluka tisanamukhomerere thabwa lokutidwa ndi chiguduli, limene analilandira atalinyalanyaza kwa milungu iwiri.

Usiku wolowa chaka chatsopano, makombola ataphulika m'dera lathu lonse, zonse zimene tinamanga zinaoneka ngati zagwa. Anabwerera kunsi kwa bedi, anakodza pa bulangete, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo mabingu a mvula ya mu Januwale anangowonjezera. Sitinamukalipire, tinangobwezera katoni ija pamalo pake n'kupitiriza nthawi za chakudya monga kale. Ulendo uno anatuluka patatha masiku awiri, osati miyezi iwiri, ndipo kwa ine kusiyana kumeneku ndi umboni waukulu wa kuchira kwake kuposa china chilichonse.

Mutandifunsa ngati ndingadzatengenso mphaka wotere, ndingayankhe kuti inde, koma ndingayambire pa kachipinda, katoni ndi nyuzipepala kuyambira tsiku loyamba. Masiku ano ndikafika kuchokera kuntchito amabwera mchira uli chilili, amadzikhula pa mwendo wanga kamodzi, kenako amakakhala potero n'kumandiphethirira. Madzulo amagona pafupi ndi mapazi anga, pakhosi pake pakumveka kamkonono kaja ka mphaka wokhutira, koma pamiyendo sanakwerepo. Chipsera cha pamsana amalola mwana wathu yekha kuchikhudza. Katemera wake wa chiwewe wotsatira ndi wa mu Juni, ndipo tayamba kale kumuikira usipa m'dengu lomunyamulira kuti pofika tsikulo adzalowemo yekha.