Laojun Shan, Louguantai kapena Qingyang Gong: kachisi wa Laozi woyenera ndalama zanu

Anzanga ophunzira ku China samatopa kundifunsa kuti pa tchuti akaone kuti malo a Laozi, mkulu amene a chipembedzo cha Tao amati ndiye gwero la chiphunzitso chawo. Ambiri amafunsa mtima uli kale ku Laojun Shan, m'chigawo cha Henan, chifukwa cha zithunzi za akachisi agolide ali pakati pa mitambo.

Kukongola kwake sindikukana. Chimandiwawa n'chakuti zithunzizo sizikuuzani kuti tikiti ya pachipata ndi yongolowera. Phirilo n'lotalika kupitirira mamita 2,000, ndiye ngati miyendo si yolimba mukwera cable car (kangolo koyenda pa chingwe m'mwamba), imene ili ndi mtengo wakewake. Mukatsika, kumtunda kuli inanso yofuna ndalama zina. Onjezani basi yochokera ku Luoyang, ulendo wa maola angapo. Tsiku la nkhungu mumalipira zonsezo n'kukangoona utsi woyera. Komanso nyumba zagolidezo n'zomangidwa posachedwapa. Wophunzira wodalira kandalama ka pamwezi aganize kawiri.

Louguantai, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Xi'an, ndi wa okonda mbiri. Amati kumeneko Laozi anaphunzitsa Yin Xi, mlonda wa pachipata cha m'malire, mawu a Daodejing, buku la zilembo pafupifupi 5,000. Koma konzani tsiku lathunthu.

Ine mtima wanga uli ku Qingyang Gong, mumzinda wa Chengdu. Sitima ya pansi panthaka imakusiyani pafupi, ndipo cholowera n'chochepa kwambiri. Mfumu Xizong ya ufumu wa Tang itathawira ku Chengdu mu 881 pothawa zigawenga za Huang Chao, inakulitsa kachisiyu, ngakhale nyumba zambiri zimene zilipo lero n'za nthawi ya ufumu wa Qing, umene unabwera pambuyo pake. Muli mbuzi ziwiri zamkuwa. Ya nyanga imodzi ili ndi ziwalo za nyama 12 za kalendala ya Achitchaina: makutu a khoswe, mphuno ya ng'ombe, mchira wa njoka. Anthu amasisita mbuziyo pamalo pomwe iwo akumva kuwawa, poyembekezera kuchira.

Ansembe atsitsi lomangidwa pamutu akugwirabe ntchito yawo, lubani akufuka, ndipo pambali nkhalamba za mumzinda zimakhala pa tiyi mpaka madzulo. Amene ali ndi tsiku limodzi lokha apite ku Chengdu.