Chaka ndi theka ndikuphunzira kasamalidwe ka zachilengedwe ku yunivesite

Nditangotha miyezi itatu pa yunivesite ndinalemba maganizo anga oyamba pa maphunziro a kasamalidwe ka zachilengedwe. Ndinayamikira pafupifupi chilichonse. Dandaulo linali limodzi, loti masamu achuluka pomwe ine ndinadzera mitengo ndi nyama. Tsopano patha chaka ndi theka, ndipo achinyamata a Fomu 4 akhala akundifunsa ngati maganizo aja akadali omwewo.

Dandaulo la masamu lija ndalibweza. Ndinalibweza tsiku lomwe tinapita kukayeza mitengo ku Dzalanyama, nkhalango yomwe mtsinje wa Lilongwe umachokera, imene mu 2015 boma linachita kutumizako asilikali chifukwa cha kuotcha makala. Anatigawa m'magulu. Gulu lililonse linakhoma zikhomo n'kumanga chingwe pamalo a mamita 20 m'litali ndi 20 m'lifupi. Mtengo umayezedwa kunenepa kwake pa mita 1.3 kuchokera pansi, pachifuwa pa munthu wamkulu. Wina akuzunguliza tepi, wina akutchula dzina la mtengowo, kaya ndi mtengo wa tsamba kapena msuku, wina akulemba m'kope litanyowa ndi thukuta. M'gawo lathu zitsa zinachuluka kuposa mitengo yoima. Zoti nkhalango yatha aliyense amanena, ngakhale mu minibasi. Koma kuti udziwe kuti yatha motani, patsala mitengo yochuluka bwanji pa hekitala, ndipo ingabwerere pakatha zaka zingati, pamafunika masamu omwe aja ndinkadandaula nawo.

Chimene chandisintha kwambiri ndi nkhani ya zitsa zomwezo. Ndinalowa sukulu ndikukhulupirira zimene tonse tinakula nazo, zoti mankhwala a chipululu ndi kudzala mbande. Chaka chilichonse mu Disembala nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa, akuluakulu amagwira khasu, zithunzi zimajambulidwa. Ndi ochepa amene amabwerako mu Okutobala kukawerenga mbande zimene zapulumuka ku chiswe, mbuzi ndi moto wa osaka mbewa. M'kalasi tinaphunzira kuti mitengo ya m'nkhalango zathu za miombo mphamvu yake ili pansi. Ikadulidwa, mizu imakhala ikadali moyo, ndipo chitsa chimaphukira msanga kusiyana ndi mbande yomwe ikuyamba kumene kufunafuna madzi.

Patchuthi choyamba ndinakayesa kumudzi. Ndinapeza bambo akuunjika zinyalala pa zitsa za m'malire a munda kuti aziotche. Ndinati, "Bambo, izi zokha bwanji mutazisiya, ndiziyang'anira ndine." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe, chimanga sichikula pamthunzi. Koma za m'malirezo tenga." Pa chitsa chilichonse ndinadula mphukira zofooka ndi chikwanje n'kusiya ziwiri kapena zitatu zowongoka, ndipo ndinalambula udzu mozungulira kuti moto usafike. Nthawi yomweyo ndinadzalanso mbande za bulugamu kuseri kwa khola. Mbandezo zambiri zinadyedwa ndi chiswe. Mphukira zija pano zandipitirira msinkhu, ndipo mayi ayamba kale kutolapo nkhuni zosadzula. Bambo sanena zambiri, koma ulendo wathawu ndinaona kuti asiya okha zitsa zina zitatu pakati pa munda, pafupi ndi msangu wakale umene amaulemekeza chifukwa umayoyola masamba nthawi ya mvula n'kudyetsa nthaka.

Tsopano zimene sizinandikondweretse. Maulendo akutchire ndi ochepa kwambiri. Ena amalengezedwa kenako n'kulephereka, akuti mafuta palibe kapena ndalama sizinatuluke. Phunziro lojambula mapu pa kompyuta ndi lofunika zedi, koma tinkakhala anayi pa kompyuta imodzi, ndipo magetsi akazima tsikulo lapita. Mabuku ambiri mulaibulale amakamba za nkhalango za ku Europe. Za mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984 umene uli pafupi kutheratu, ndimadziwa za m'mapepala chabe. Sindinaugwirepo, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Mbali ya nyama zakutchire nayonso takhala tikuiphunzira kwambiri pa bolodi. Komabe tsiku limodzi silidzandichoka m'mutu. Tinkakambirana za njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022. Ambiri tinkaona ngati chipambano basi. Mnzathu wina wa kufupi ndi malire a paki ya Kasungu anaimirira n'kufotokoza mmene kwawo amagonera panja, akuimba zitini usiku wonse kuteteza chimanga. Kalasi yonse inangoti zii. Aphunzitsi sanamudule mawu, ndipo anatipatsa ntchito yolemba za mipanda ndi chipukuta misozi. Apa ndi pamene ndimayamikira aphunzitsi athu: ambiri anagwirapo ntchito m'midzi, ndipo salola kuti tizilankhula za anthu ngati adani a chilengedwe.

Chimodzimodzi nkhani ya makala. Timaloweza lamulo la nkhalango la 1997 ndi zilango zake zimene zinakhwimitsidwa mu 2020, koma madzulo ambiri mwa ife amene timakhala kunja kwa sukulu timaphikira makala omwewo, chifukwa gasi ndi wodula ndipo magetsi sadalirika. Funso limeneli maphunziro sanandiyankhebe mokwanira, ndipo ndi limene ndikufuna kuchitapo kafukufuku wanga wa chaka chomaliza.

Kodi ndingasankhenso maphunziro omwewa? Inde, mosakayika. Koma kwa iwe ukulemba mayeso chaka chino, usabwere poganiza kuti ntchito ku nthambi ya zankhalango kapena ya mapaki ikukudikira. Amene anatitsogola ambiri anayamba mongodzipereka m'mabungwe. Limbikira masamu ndi bayoloje, gula nsapato zolimba, ndipo usananyamuke khala pansi ndi agogo akuuze mayina a mitengo ya kwanu ndi ntchito zake. Ku Dzalanyama kuja, amene anatithandiza kuzindikira zitsa zopanda masamba anali mtsikana wina wa m'gulu lathu amene anaphunzira kwa agogo ake kusiyanitsa mitengo pongoona khungwa ndi kulinunkhiza.