Pulani ya nyumba yomanga m'magawo: ndalama zake sizipita pachabe, koma fufuzani denga

Ojambula mapulani ena m'tauni amagulitsa pulani ya nyumba yoyamba ndi zipinda ziwiri zogona, n'kumadzawonjezera zipinda zina ana akamakula. Kwa banja lomanga pang'onopang'ono, ntchito yawoyi imaposa mapulani ambiri ogulitsidwa pa Facebook, omwe amajambulidwa ngati ndalama zonse zili kale m'thumba. Komabe pali malo amene ojambulawa amakonda kulakwitsa.

Pomwe amakhoza kwambiri ndi pa chipinda cha ana. Amachijambula chachikulu, mamita 3.5 m'lifupi ndi mamita 6 m'litali, chokhala ndi mawindo awiri, maswitchi awiri ndi malo a zitseko ziwiri. Khomo lachiwirilo amaliikiratu lintel (mtanda wa konkire wopingasa pamwamba pa khomo), kenako n'kulitseka ndi mabuloko omangidwa ndi simenti yochepa. Mtsikana akatha msinkhu sangagonenso chipinda chimodzi ndi alongo ake, ndiye mmisiri amangogumula mabuloko aja n'kumanga khoma pakati, osakhudza mawaya. Khoma lapakatili lisasenze denga, kuti ana akadzachoka pakhomo lidzathe kuchotsedwa.

Vuto lili kumwamba. Ambiri amajambula denga la mbali zinayi poti limakongola, chonsecho powonjezera chipinda umayenera kusasula malata ndi kudula matabwa a mbali yonseyo. Denga la mbali ziwiri ndiye loyenera apa, chifukwa umangoonjezera mathirasi (matabwa osenza denga) n'kupitiriza mzere wa malata. Sankhaninso malata osavuta kupeza, monga a IBR, kuti atsopano adzalumikizane ndi akale osadontha.

Mng'alu wotsika pomwe khoma lakale lakumana ndi latsopano umabwera chifukwa mbali yatsopano imatitimira pang'ono pomwe yakale idakhazikika kale. Wojambula wodziwa ntchito amalangiza kuthira maziko a nyumba yonse nthawi imodzi, ndi kusiya zitsulo za Y12 (zonenepa mamilimita 12) zitatuluka pa ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma) masentimita pafupifupi 60. Zitsulozi zikutidwe ndi konkire ya simenti yochepa. Tonse timaziona nyumba zimene zitsulo zake zili pamtetete mvula ndi mvula, ndipo podzafika nthawi yolumikiza zimakhala zitadyeka ndi dzimbiri.

Za madzi ojambulawa amaziganizira bwino: khitchini, bafa ndi chimbudzi zimatsamira khoma limodzi, choncho paipi ya chimbudzi ya mamilimita 110 imayenda mtunda waufupi. Inu onetsetsani kuti septic tank (thanki ya zonyansa za m'chimbudzi) ndi soakaway (dzenje lolowetsa madzi oipa m'nthaka) zisakumbidwe mbali imene nyumba idzakulire, ndipo thankiyo ikhale yokwanira banja lonse la mtsogolo, osati anthu atatu a lero. Bokosi la mabreka a magetsi lisiyidwe ndi malo otsala a zipinda zodzabwerazo.

Chomwe ambiri amaiwala ndi agogo amene angadzabwere kuchokera kumudzi akadwala. Pemphani kuti chipinda chimodzi chikhale pafupi ndi bafa, popanda masitepe, ndipo zitseko zake zikhale za masentimita 90 kuti njinga ya olumala izilowa.

Musanalipire, funsani ngati mtengowo ukuphatikiza zojambula za magawo onse, mndandanda wa zipangizo za gawo lililonse, ndi mapepala opita nawo ku khonsolo. Wojambula akakupatsani gawo loyamba lokha n'kunena kuti zinazo mudzaziona nthawi yake ikakwana, pitani kwa wina.