Likuni phala la m'paketi: miyezi itatu ndikuphikira Tadala

Tadala anakwanitsa miyezi 6 Lachiwiri, ndipo Lachitatu lake m'mawa ndinali kale mugolosale ina ku Nsungwi, ku Area 25, kugula paketi ya kilo imodzi ya Likuni phala. Tsikuli ndinalidikira movutikira. Kuyambira mwana ali ndi miyezi inayi, apongozi anga akangomva kulira ankandiuza kuti, "Amake Tadala, mwanayu bere lokha silikumukwana. Kaphala kamadzimadzi kangamulakwire chiyani?" Iwo analera ana asanu ndi awiri ndi phala la ufa woyera, ndiye kuwatsutsa kunkandilemera pakamwa. Chinkandilimbitsa mtima ndi mzere wa m'kabuku ka kusikelo, womwe unkakwera mwezi ndi mwezi mwana akungoyamwa mwakathithi. Ndinkawaonetsa kabukuko, iwo n'kungoti, "Chabwino, tiona."

Likuni phala amene analimwapo kusukulu akulidziwa. Ndi ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, chimanga n'chochulukirapo, ndipo amathiramo mavitamini ndi michere. Dzinali linachokera ku Likuni, kufupi ndi mzinda wa Lilongwe uno, ndipo ndi mtundu womwewu wa phala umene bungwe la Mary's Meals limaphikira ana m'sukulu zambiri kuchokera pamene linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002. Masiku ano makampani angapo amalipanga, ndipo mapaketiwo safanana. Ena ufa wake ndi wosalala, ena ndi wokhakhala pang'ono, ena ali ndi shuga wambiri.

Ine ndinalisankha chifukwa cha ntchito. Ndimasoka zovala, ndipo pamene sukulu zikutsegulira ndimakhala pamakina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kusankha soya, kukazinga, kupeta, kusakaniza ndi chimanga n'kukaima pamzere kuchigayo, nthawi imeneyo ndinalibe. Komanso mlangizi wa zaumoyo kusikelo anatifotokozera kuti mwana akafika miyezi 6, ayironi, wothandiza kupanga magazi, amene anabadwa naye m'thupi amayamba kuchepa, ndipo mkaka wa m'mawere paokha sungabwezeretse yense. Phala la ufa woyera limangodzaza mimba. La m'paketili lili ndi soya ndi ayironi wothiramo kale, ndiye ndinaona kuti ndiyambire pamenepo.

Kaphikidwe kake si kovuta, koma kamafuna kuima pamoto. Ndimasungunula kaye ufawo m'madzi ozizira m'kapu, kenako n'kuthira m'madzi otentha ndikutakasa ndi mthiko. Mukathira ufa wouma m'madzi owira, mupeza zibuluma zimene ngakhale mutakase bwanji sizisungunuka. Ndimalisiya libwate mphindi 10 kapena 15 pamoto wochepa. Pambaula limapserera msanga kuposa phala la mgaiwa, moti magetsi akazima ndimachepetsa makala n'kukhala pomwepo. Likapsa bwino limanunkhira ngati soya wokazinga, ndipo fungo laufa limatha.

Pamene ndikufuna kukhalitsa ndi pa kulimba kwa phalalo, chifukwa apa ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Sabata yoyamba ndinkaphika lamadzimadzi, poopa kuti mwana atsamwa. Tsiku lina mlangizi uja akuyendera m'makomo anandipeza ndikudyetsa. Anatenga supuni, n'kutapa phala, n'kuipendeketsa. Lonse linatayikira pansi ngati tiyi. Anati, "Mayi, kamimba ka mwanayu n'kakang'ono. Mukakadzaza ndi madzi, chakudya chikalowa pati?" Anandionetsa kuti phala loyenera limakakamira pasupuni, limatsika pang'onopang'ono. Ufa womwewo, paketi yomweyo, koma mwana amene akudya lolimbirapo amapeza chakudya chochuluka pa masupuni ochepa omwewo. Nditawafotokozera apongozi anakhala chete kanthawi, kenako anati kale ankaphunzitsidwa kuti khanda limamwa phala, silidya. Kuyambira tsiku limenelo iwo ndi amene amayesa ndi supuni ndisanapakule.

Tinayamba ndi masupuni awiri kapena atatu, kawiri pa tsiku, ndipo ndinkayamba ndamuyamwitsa. Masiku atatu oyamba ankangolikankha ndi lilime, lambiri n'kuthera pachibwano ndi pachitenje changa. Sindinamukakamize, ndiponso sindinalole zomugoneka chagada n'kumuthira phala ndi dzanja monga ndinkaonera kumudzi ndili mwana. Ndinkamukhazika pamiyendo, kumuyang'ana m'maso, kudikira atsegule yekha pakamwa. Tsiku lachinayi anameza, n'kugwira supuni ndi manja onse awiri. Chimbudzi chake chinasintha mtundu ndi fungo, chinalimbako, koma sanatsegule m'mimba ndipo sanatuluke ziwengo.

Atazolowera, ndinayamba kulemeretsa phalalo, chinthu chimodzi pa nthawi kuti chikamuwenga ndidziwe kuti ndi chiti. Poyamba kasupuni ka nsinjiro. Mtedza wake ndimasankha ndekha, wofota, wosweka ndi wakuda ndimataya chifukwa cha chuku, chimene chimawononga chiwindi ndipo sichitha ndi kuphika. Kenako dzira, lomenya n'kuthira phala likubwata kuti lipse bwinobwino. Kenako peyala lokanya, nthochi, mbatata yofiira mkati, ndi nkhwani wophika wosinja. Ufa wa bonya wokazinga, wosinja ndi kusefa kawiri, anaukana kanayi, kachisanu anadya. Likuni phala limalandira bwino zonsezi, kupatula nthochi imene ndi bwino kumupatsa payokha chifukwa imasungunula phala likakhalitsa. Kusikelo amatikumbutsa za magulu 6 a zakudya, ndipo paketiyi imangokupatsani awiri, chokhutitsa ndi chanyemba. Zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta muyenera kuwonjezera nokha.

Zimene sizinandisangalatse zilipo. Mwezi wachiwiri mtundu umene ndinkagula unasowa, ndiye ndinatenga wa kampani ina osawerenga kuseri kwa paketi. Unali wotsekemera ngati wa ana asukulu. Tadala anaukonda kwambiri, ndipo nditabwerera ku wakale anakana kwa masiku awiri, phala la dzira ndi masamba n'kumalavula. Zinandipweteka mtima, chifukwa mwana wosakwana chaka safunika kumuthirira shuga kapena mchere, uchi ndiye ayi ndithu. Tsopano ndimaima pashelefu n'kuwerenga zimene zathiridwamo ndi tsiku lothera ntchito, ngakhale wogulitsa andiyang'ane. Ndikadakonda opanga akadalemba ndi zilembo zazikulu, m'Chichewa, kuti ili ndi la makanda, ili ndi la ana okulirapo, komanso kuti mwana asanafike miyezi 6 asapatsidwe.

China ndi kasungidwe. Paketi ikatsegulidwa sitsekekanso bwino, ndipo mafuta a m'soya amachititsa kuti ufawo usinthe fungo ukakhalitsa pamalo otentha. Mu Okutobala, kutentha kuja, theka la paketi linayamba kumveka kuwawa patangotha masabata ochepa, ndinataya. Pano ndimathira m'chitini chotsekeka bwino, ndipo sindigulanso mapaketi awiri nthawi imodzi. Mtengo nawo umakwera pafupifupi ulendo uliwonse ndikapita. Komabe ndikayerekeza ndi phala la makanda la m'mabokosi lochokera kunja, longothira madzi otentha, Likuni phala ndi lotchipa kutalitali, ndipo kilo imodzi inkatifikitsa patali pamene mwana ankadya masupuni owerengeka. Amene muli ndi soya ndi chimanga chanu kumunda, ndi nthawi yokazinga, ufa wopanga nokha udzakutsikirani mtengo, kungoti mu ufawo simudzakhala mavitamini othiramo aja, ndiye dzira, nsomba ndi masamba musaziphonye.

Bere sindinasiye ndipo sindikuganiza zosiya mpaka atakwanitsa zaka 2. Ndimamuyamwitsa m'mawa ndisanapite kukasoka, masana apongozi amabwera naye kushopu atamubereka, ndipo usiku amayamwa mmene wafunira.

Sabata yatha tinapita kukabayitsa katemera wa chikuku wa pa miyezi 9. Atamukweza pasikelo, mlangizi analemba kadontho pamwamba pa ka mwezi watha, n'kutiuza kuti tsopano azidya katatu kapena kanayi pa tsiku, pafupifupi theka la kapu, ndipo tiyambe kumupatsa zoti azigwira yekha. Madzulo ake apongozi anamukanyira kansima kofewa ndi msuzi wa nyemba, nyemba zake n'kuziphwanya ndi supuni. Likuni phala tsopano latsala la m'mawa, ndi dzira kapena nsinjiro, ndipo paketi imene ndinagula kumayambiriro kwa mwezi ikadali pakati m'chitini.