Sopo wozizira kapena wophika: ndayesa njira zonse ziwiri

Sopo wanga woyamba anali wokongola pomuona, koma nditachapira zovala tsiku limodzi lokha manja anatuwa, zala n'kuyamba kusupuka. Ndinkaloza chala njira yozizira imene ndinatsatira. Patapita masabata angapo m'pamene ndinazindikira kuti pepala la muyezo linati kilogalamu imodzi ya mafuta, ine n'kuthira lita imodzi. Lita ya mafuta ophikira imalemera magalamu pafupifupi 920 basi. Magalamu 80 osowawo anasiya caustic soda (soda woluma wopangira sopo, osati wophikira) wina wopanda mafuta oti adye, ndiye anadya manja anga.

Ndayambira pamenepa dala, chifukwa m'magulu athu timakangana kwambiri kuti njira yabwino ndi iti, chonsecho ambiri sikelo tilibe. Njira ziwirizi zimagwira ntchito imodzi: caustic soda akakumana ndi mafuta, zonse zimasanduka sopo ndi glycerine, monga anafotokozera katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, m'buku lake la 1823. Kusiyana kwake n'kwakuti njira yozizira imasiya sopo kuti apse yekha m'chikombole, pamene yophika imamuthamangitsa ndi moto.

Poyambira m'pamodzi. Mumayeza madzi m'ndowa ya pulasitiki yolimba, kenako n'kuthira soda pang'onopang'ono m'madzimo. Soda ndiye amapita m'madzi, osati madzi pa soda, apo ayi zimawira n'kukuthovukirani kumaso. Madziwo amatentha okha mpaka kufika cha m'ma 90°C, ndipo nthunzi yake imatsamwitsa, choncho chitirani panja, ana ali kutali, mutavala magolovesi ndi zoteteza maso. Akakudontherani pakhungu, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposa. Mapoto athu a aluminiyamu ophikira nsima aja asayandikire n'komwe. Soda amadya aluminiyamu n'kutulutsa mpweya wa hydrogen umene umayaka. Gwiritsani ntchito chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo mthiko wa sopo usabwererenso kukhitchini.

Pa njira yozizira mumadikira kuti madzi a soda ndi mafuta zonse zifunde, cha m'ma 40°C, n'kusakaniza. Kenako ndi kutakasa mpaka zitakhala ngati phala la mwana, loti mukadontheza kuchokera pa mthiko limasiya kamzere pamwamba. Ndi kamakina ka m'manja kosakanizira kaja zimatenga mphindi zochepa. Ndi mthiko, konzekerani ola lathunthu kapena kuposa, ndipo phewa lidzakuuzani mawa lake. Mukathira m'chikombole mumafunditsa bulangete, n'kudula pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Ndiye pamabwera chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri: kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata 4 mpaka 6.

Pa njira yophika, phala lija mumaliika pamoto wochepa kwa ola limodzi kapena awiri. Limayamba kulekana ngati chambiko, kenako limafufuma n'kufuna kusefukira, pomaliza limaoneka ngati Vaseline. Pamenepo soda watha ntchito. Mphika usadzaze kupitirira theka. Ine tsiku lina ndinangopita kukatsekula geti, pobwera ndinapeza sopo akuyenda pansi ngati thobwa lowira, mbaula itazima. Pa makala moto umavuta kuuwongolera, ndiye ndimaika mphika wa sopo mkati mwa mphika wina wamadzi kuti asapserere.

Tsono wopambana ndani? Pa maonekedwe, wozizira alibe mnzake. Amatuluka wosalala, m'mbali mwake mowongoka, woti mukamukulunga bwino amafanana ndi wa m'sitolo. Wophika amalowa m'chikombole ali wolimba ngati nsima, mumachita kumupanikiza ndi kumenyetsa chikombole pansi, ndipo pamwamba pamakhalabe mabampu. Wogula wofuna sopo wosambira amayamba ndi maso.

Pa nthawi, wophika amatsogola, koma osati monga amanenera anthu. Ndi zoona kuti mungamugwiritse ntchito mawa lake osakuwotchani. Komabe amakhala ndi madzi ambiri, ndipo mukamugulitsa sabata yomweyo amasungunuka m'beseni ngati sugar, kasitomala sabweranso. Mupatseni masabata awiri kapena atatu. Ngati ndalama ya mpamba ndi ya banki m'khonde yofunika kubweza mwezi ukatha, masabata amenewa ndi nkhani yaikulu. Kumbali inayi, werengeraninso makala ndi maola amene mwaima pamoto.

Pa fungo, wophika amasunga ndalama. Mafuta onunkhiritsa, monga a bulugamu kapena a lemongrass, mumathira pomaliza soda atatha mphamvu, ndiye ochepa amakwana. Mu sopo wozizira amakumana ndi soda wamoyo. Ena amazilala, ena ogula m'mabotolo osalembedwa bwino amaumitsa phala lonse m'kanthawi kochepa mthiko uli momwemo.

Koma pamene njira ziwirizi zimasiyana kwenikweni ndi pa tsiku limene zinthu zalakwika. Sopo wozizira amabisa vuto mpaka mutadula. Mafuta akayandama pamwamba, pansi pali madzi oluma, ndiye kuti munasiya kutakasa msanga. Izi zimachitika kwambiri mu June ndi July. Mafuta olimba amagwirana chifukwa cha kuzizira, inu n'kumayesa kuti phala lakwana pomwe soda sanalowerere. Sopo wofumbutuka ngati choko ali ndi soda wochuluka. Wofewa ngati majarini patatha sabata, soda anachepa kapena anali wakufa. Soda amakoka chinyezi ndi mpweya, ndiye uja wogula wopimidwa m'kajumbo, wogwirana ngati mchere wonyowa, mphamvu yake ndi yoperewera ngakhale sikelo ionetse kuti wakwana. Ufa woyera pamwamba usakuopseni, umachoka ndi kansalu konyowa, ndipo kuphimba chikombole ndi pulasitiki kumauchepetsa.

Mankhwala a mavuto ambiriwa ndi mphika. Sopo wozizira amene walekana mumamukhuthulira yense pamoto, pamodzi ndi madzi ake ndi mafuta ake osatayako kanthu, n'kumuphika mpaka agwirizane. N'chifukwa chake ine ndimati yambani ndi njira yozizira, koma yophika muidziwe, chifukwa ndiyo chipatala.

Za mafuta ndiye zimaposa za njira. Mawese, mafuta a kanjedza aja odziwika ku Karonga, amapereka sopo wolimba wokhalitsa, ngakhale ofiirawo amatulutsa sopo wachikasu. Akagwirana m'chigubu, sungunulani onse n'kukhutchumula musanayeze, chifukwa a pansi ndi a pamwamba sakhala ofanana. Mafuta a ng'ombe ochokera kubutchala, mukawasungunula ndi kuwasefa bwino, amagwira ntchito yofanana ndi mawese pamtengo wotsika. A kokonati ndiwo mwini thovu, koma akapitirira magawo 30 pa 100 amaumitsa khungu. A mpendadzuwa ndi a soya ali paliponse, n'chifukwa chake ambiri timayambira pamenepo, koma paokha amapereka sopo wofewa amene pakapita miyezi amachita timadontho tachikasu tonunkha mafuta ovunda. A mtedza ali bwinoko. A nsatsi, magalamu 50 pa kilogalamu amakwana kukometsa thovu, mukawonjeza sopo amamata.

Mafuta aliwonse ali ndi mlingo wake wa soda. Galamu imodzi ya mawese imafuna soda wolemera magalamu pafupifupi 0.142, ya kokonati 0.183, ya mtedza 0.136, ya mpendadzuwa 0.135. Muyezo umene ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: mawese magalamu 600, kokonati 200, mtedza 200. Soda wokwanira kudya zonsezi ndi magalamu 149, koma ndimachotsapo magawo 5 pa 100 kuti patsale mafuta pang'ono osamalira khungu, ndiye ndimathira 141, m'madzi olemera magalamu 330. Tsopano tinene kuti kokonati wasowa, mwaika mpendadzuwa m'malo mwake osasintha soda. Mafuta amenewo angathe kudya magalamu 139 okha, ndipo muyezo wake woyenera ndi 132. Mwathira 141. Kaya muphike kaya musaphike, sopoyo aluma.

Ena amafunsa ngati chidulo chingalowe m'malo mwa caustic soda, poti agogo athu ankatcheza phulusa. Sopo amatheka, koma mchere wa m'phulusa ndi wa potaziyamu, ndiye amatuluka wofewa, woika m'chitini osati wodula mipiringidzo. Mphamvu ya chidulo imasiyananso malinga ndi zimene munawotcha, kaya zitsononkho kaya makoko a nthochi, ndipo simungaiyeze pa sikelo. Chidulo chimafuna kuphika kwa maola ambiri, njira yozizira sichiimva. Cha thelere chisiyeni ku thelere.

Madzi nawo musawaiwale. A pamjigo m'madera ena amakhala ndi mchere wambiri umene umapha thovu, ndipo mudzanamizira kokonati. Ine ndimatchera a mvula m'migolo nthawi ya dzinja. Vuto la dzinjalo ndi lakuti glycerine amakoka chinyezi, sopo amachita thukuta pa shelefu ndipo amachedwa kuuma. Wa January ndimamupatsa masabata 8, ndimamutembenuza Loweruka lililonse, ndipo ndimayeza mpiringidzo umodzi pa sikelo. Ukasiya kupepuka, ndimakulunga.